Chifukwa chake gemu ya Link's Awakening imazunguza mutu

Mphwanga wa ku Chilomoni anandipeza pakhonde Loweruka lina masana, atakwinya nkhope, m'manja muli ka Game Boy kanga kakale komwe ndinamubwereka patchuthi.

"Ankolo, gemu yanuyi ndi yowonongeka. Ndapha zonse za m'chipindamu, ndatuluka, ndalowanso, ndaphanso, koma palibe chikuchitika."

Nditangoyang'ana pa sikirini ndinapadziwa pomwe anali. Inenso ndinakhalapo masiku angapo pamalo omwewo ndili mnyamata ku Ndirande, amalume atabwera nako kachipangizoka kuchokera ku Johannesburg. Gemuyo sinawonongeke. Iye anali atafika pa ndagi imodzi yotchuka ya The Legend of Zelda: Link's Awakening, ndipo madandaulo ake ndi omwe andipangitsa kuti ndifotokoze momwe gemu imeneyi inamangidwira, chifukwa kuvuta kwake si kwa mtundu umodzi. Pena imavuta mwachilungamo, pena imavuta mokondera.

Kampani ya Nintendo, ya mumzinda wa Kyoto ku Japan, inayamba mu 1889 ndi ntchito yopanga makadi osewerera. Game Boy inatuluka patatha zaka 100, mu 1989, motsogozedwa ndi katswiri wina dzina lake Gunpei Yokoi. Bamboyu sankathamangira zipangizo zatsopano zodula. Ankakonda kutenga zomwe zatchipa kale, zomwe aliyense akuzidziwa, n'kuzipezera ntchito yatsopano. N'chifukwa chake Game Boy inabwera ndi sikirini yopanda mitundu, yongoonetsa kuderako kwa magawo anayi pagalasi lobiriwira, timadontho 160 m'mbali ndi 144 chotsika. Inalibenso nyali mkati. Magetsi akazima usiku umayenera kusendera pafupi ndi kandulo, n'kumapendeketsa kachipangizoko mpaka chithunzi chioneke. Koma mabatire ake anayi ankakhalitsa, pomwe Game Gear ya kampani ya Sega, yomwe inali ndi mitundu ndi nyali, inkameza mabatire 6 m'maola ochepa. Kwa mwana wa ku Blantyre amene ankachita kupempha ndalama ya mabatire, kapena kuwayanika padzuwa kuti mwina atsitsimuka, kusiyana kumeneku kunali kwakukulu. Ambirife tinali titazolowera timagemu totchipa ta njerwa zogwa tomwe tinkagulitsidwa m'misika ngati wa Limbe, ndiye kuona dziko lathunthu lokhala ndi midzi, nkhalango ndi mapiri m'kabokosi kokwana m'thumba kunali kodabwitsa.

Link's Awakening inatuluka mu 1993. Zelda yoyamba, ya Shigeru Miyamoto ndi Takashi Tezuka, inali itatuluka mu 1986 pa chipangizo cholumikiza ku TV, ndipo Link's Awakening inali yoyamba kulowa mu Game Boy. Chiyambi chake n'chosangalatsa: wolemba mapulogalamu wina, Kazuaki Morita, ankangoyeserera zomwe Game Boy ingathe kuchita, anzake n'kuyamba kumuthandiza akaweruka kuntchito. Kenako inasanduka ntchito yeniyeni, Tezuka n'kukhala woitsogolera, nkhani yake n'kulembedwa ndi Yoshiaki Koizumi ndi Kensuke Tanabe. Mwina ufulu umene anali nawo poyambapo ndi umene unapangitsa kuti gemuyi ikhale yosiyana ndi zinzake. Mwana wa mfumu Zelda, yemwe dzina lake lili pachikuto, saonekamo n'komwe.

Nkhani imayamba ndi namondwe. Ngalawa ya mnyamata Link yasweka panyanja, mafunde amutaya pagombe la chilumba cha Koholint. Mtsikana wina, Marin, amutola n'kupita naye kunyumba kwa Tarin, bambo ake a mtsikanayo, m'mudzi wa Mabe. Akadzuka amapatsidwa chishango chake, n'kubwerera kugombe kukafuna lupanga. Pamenepo pamatera kadzidzi n'kumuuza kuti sangachoke pachilumbapo pokhapokha atadzutsa Wind Fish, chinamgumi chomwe chagona m'dzira lalikulu pamwamba pa phiri la Tamaranch. Kuti achidzutse ayenera kusonkhanitsa zoimbira 8, chilichonse chobisidwa m'mphanga yakeyake, momwe muli misampha ndi chilombo cholondera. Za kadzidziyu, agogo anga atamuona pa sikirini sanakondwe. Kwathu kuno kadzidzi akalira padenga anthu amati ndi malodza, ndiye kuti mwana azitsogoleredwa ndi mbalame imeneyi tsiku lonse sizinawakomere. Anthu a kwina amamuona ngati mbalame yanzeru, ndipo mu gemumu ndiye phungu.

Tsono kuvutako kumachokera pati? Choyamba ndi kuchepa kwa malo. Chilumba chonse ndi masikirini 16 m'litali ndi 16 m'lifupi, onse pamodzi 256, ndipo sikirini iliyonse ndi timabwalo 10 chopingasa ndi 8 chotsika. Kaseti yoyambayo inali ya ma kilobyte 512 basi, kuchepa kuposa chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi foni ya masiku ano. Popeza opanga sakanatha kukulitsa dzikolo, analipinda. Njira imodzi imakudutsitsa pamalo amodzimodzi kasanu, ndipo ulendo uliwonse umaonapo china chomwe poyamba sichinali ndi tanthauzo. Umaona dzenje lomwe sungalumphe, mwala womwe sunganyamule, madzi akuya omwe sungawoloke. Gemu siikuuza kuti udzabwerenso. Imangosiya chinthucho poyera, n'kudikira kuti udzachikumbukire wekha.

Mphanga iliyonse ili ndi chida chimodzi chatsopano. Mu yoyamba, Tail Cave, muli nthenga yomwe imamupatsa Link mphamvu yolumpha. Mu yachiwiri muli chibangili chonyamulira miphika ndi miyala. Kenako nsapato zothamangira, zosambirira, tcheni chokhala ndi mbedza chomwe umaponya n'kudzikokera tsidya lina, mpaka ndodo yotulutsa moto mu mphanga yomaliza. Chida chilichonse chimagwira ntchito patatu. Chimatsegula zipinda zotsala za mphanga momwe wachipezamo, nthawi zambiri chimakuthandiza kugonjetsa zilombo za momwemo, ndipo ukatuluka panja chimatsegula chigawo china cha chilumba. Mkati mwa mphangamo mulinso makiyi ang'onoang'ono omwe amatha ukatsegulira chitseko chimodzi, kiyi wamkulu wa chipinda cha chilombo, mapu, ndi kampasi yomwe imalira ukalowa m'chipinda momwe mwabisika kiyi. Amene amasewera atatsitsa mawu kuti makolo asamve amaphonya chizindikiro chimenechi.

Chachiwiri ndi mabatani. Game Boy ili ndi mabatani awiri okha ochitira zinthu, A ndi B. M'magemu a Zelda am'mbuyomo lupanga linali ndi batani lakelake losasintha. Muno ayi. Chida chilichonse, ngakhale lupanga ndi chishango, umachita kusankha kuti chikhale pa A kapena pa B, ndipo zina zonse zimakhala m'chikwama. Anthu ambiri amadandaula kuti izi zimatopetsa, poti umangokhalira kuimitsa gemu kuti usinthe zida, ndipo akunena zoona. Komabe m'kupanikizika komweko munabadwa nzeru yomwe ine ndimaikonda kwambiri. Ukaika nsapato zothamangira pa batani lina, nthenga pa linalo, umatha kulumpha maenje atatu ondondozana omwe nthenga payokha singakwanitse. Ukaika uta ndi bomba n'kudina onse awiri nthawi imodzi, muvi umauluka utanyamula bomba. Kuti uchite zimenezi uyenera kulolera kuika lupanga pansi kaye, chinthu chomwe wosewera watsopano safuna n'komwe kumva. Zikufanana ndi bawo: amene amangoyang'ana njere zomwe angadye pompano amagonja kwa amene wawerengera mabowo atatu kutsogolo.

Tibwerere kwa mphwanga uja. Iye anali mu Bottle Grotto, mphanga yachiwiri. M'chipinda chomwe chinamukanikacho muli adani atatu: kachilombo ka makutu aatali ngati kalulu komwe katsekeredwa pakati pa miyala, mleme, ndi chigoba cha mafupa chovala mkanjo. Bokosi la kiyi wamkulu limatuluka pokhapokha ukawapha motsatana bwino, kakalulu poyamba, mleme pakati, mafupa pomaliza. Malangizo alipo, olembedwa pakhoma m'chipinda china, koma amatchula adaniwo ndi mayina awo, Pols Voice ndi Stalfos. Mayina amenewa si Chingerezi choti ungachipeze mu dikishonale. Ndi mayina ochokera m'magemu a Zelda akale, omwe ana a ku Japan ndi ku America ankawadziwa kuchokera m'timabuku ta malangizo ndi m'magazini. Kaseti yomwe yafika kuno m'chikwama cha munthu, kapena yotoledwa pamulu wa zoseweretsa za kaunjika, imabwera yokhayokha, yopanda bokosi, yopanda kabuku. Ndimakumbuka ndikufunsa achimwene anga a Fomu 4 kuti mawuwa akutanthauza chiyani, iwo n'kutsegula dikishonale ya kusukulu, n'kuitsekanso osapezamo kanthu. Kuwonjezera apo, kakaluluko sikafa ndi lupanga. Uyenera kukankha miyala kuti katuluke, kenako n'kukagenda ndi mphika.

Ndagi imeneyi ndimaiona kuti ndi yokondera. Ndagi yabwino, ngati zilapi zomwe tinkaponyerana madzulo kumudzi, yankho lake limakhala chinthu choti womvera amachidziwa kale koma sanachiganize mwa njira imeneyo. Akamva yankho amaseka n'kuwomba m'manja, chifukwa linali pamphuno pake. Koma kufunsa munthu dzina lomwe sunamuuzepo si kuyesa nzeru zake. Adani atatu angaphedwe m'njira 6 zokha, ndiye ambirife tinadutsa pongoyesa imodzi ndi imodzi, ndipo tinadutsa osaphunzirapo kanthu.

Chilankhulo ndi mpanda wina womwe osewera a kuno timakumana nawo gemu yonse. Pachilumbachi pali tinyumba ta telefoni, ndipo ukaimba amayankha ndi gogo wina, Ulrira, amene amakuuza koyenera kulowera. Chosangalatsa n'chakuti ukapita kunyumba kwake maso ndi maso amachita manyazi, salankhula zambiri, amafuna pafoni basi. Malangizo ake, a kadzidzi, ndi a anthu a m'midzi onse ali m'Chingerezi chodulidwa mizere iwiri iwiri kuti chikwane pa sikirini. Mwana wa Sitandade 6 amene amadumpha mawu kuti afulumire kukamenya zilombo amapezeka akuzungulira m'nkhalango tsiku lonse. Pachiyambi penipeni pali chitsanzo: chinyama china m'nkhalango chimakusocheretsa nthawi iliyonse ukafuna kudutsa, ndipo chimatchula chokha kuti mphuno yake imadana ndi fumbi ndi ufa. Wowerenga amalumikiza mawuwa ndi bowa womwe watola, ndi mfiti ya m'mphepete mwa nkhalango yomwe imasandutsa bowa kukhala ufa wamatsenga. Wosawerenga amangobwerera pomwe anayambira. Safunsa anadya phula.

Kuvuta kwachilungamo kuli mu Eagle's Tower (nsanja ya chiwombankhanga), mphanga ya nambala 7, ndipo apa ndi pomwe gemuyi inafika pachimake pa luso lake. Iyi ndi nsanja ya zipinda zosanjikizana. Ukakwerakwera umapeza kuti njira yopita pamwamba kulibe. Pansanjika yachiwiri pali zipilala zinayi zikuluzikulu, chilichonse m'chipinda chakechake, komanso chimpira chachitsulo chimodzi. Ntchito yako ndi kunyamula chimpiracho n'kugenda chipilala chilichonse. Chachinayi chikagwa nsanja yonse imagwedezeka, nsanjika yachinayi n'kutitimira kulowa mu yachitatu, mapu n'kusintha, njira yopita kudenga n'kutseguka.

Kunena n'kosavuta. Chovuta n'chakuti iwe ndi chimpira simuyenda njira imodzi. Utachisenza pamutu sungalumphe, sungamenye nkhondo, ndipo pali malo omwe iwe umadutsa koma icho sichingadutse. Ndiye umachiponya pamwamba pa mpanda kuti chikagwere chipinda china, iwe n'kuzungulira njira yaitali kukachipeza. M'nsanjamo mulinso timiyala tonyezimira tomwe ukatimenya mipanda ina imatsika pansi, ina n'kukwera, osati m'chipinda chimodzi chokha koma m'nsanja yonse. Njira yomwe watsegula kuno watseka ina uko. Pansi palinso maenje, ndipo ukagweramo suferatu, umangopezeka pansanjika ya m'munsi. Poyamba umaona ngati chilango. Pakapita nthawi umazindikira kuti maenje ena ndiwo njira yokhayo yofikira malo ena, ndiye umadzigwetsamo dala. Sikirini imakuonetsa chipinda chimodzi chokha pa nthawi, pomwe ndagi ili m'nyumba yonse. Uyenera kuisunga m'mutu nsanja yathunthu, pamwamba ndi pansi, monga momwe kondakitala wa minibasi ya Limbe amasungira m'mutu chenji cha anthu onse, wa kumbuyo, wa pawindo, ndi amene watsikira pa Chichiri.

Ine ndinaimaliza ndi kope la masamu, la timabokosi lija. Ndinajambula nsanjika iliyonse patsamba lake, n'kumalemba mtanda pomwe pali dzenje ndi muvi wosonyeza komwe ndikagwere. Kunalibe intaneti yoti ndifunse, kunalibenso mnzanga m'dera lathu amene anafikapo pamenepo. Usiku umene chipilala chomaliza chinagwa magetsi anali atazima, m'nyumba muli zii, ine nditagwada pafupi ndi kandulo patebulo. Palibe dzina lachinsinsi lomwe ndinafunika kudziwa. Zonse zinali pamaso panga kuyambira tsiku loyamba, chomwe chinkasowa chinali kudekha kokha, kuja amati kuona maso a nkhono.

Pali ndagi inanso yomwe yamwazikana chilumba chonse, ya msintho. Umayamba ndi kachidole komwe wawina pa masewera a m'mudzi wa Mabe. Mayi wina amakupatsa riboni posinthana nako, riboni n'kukupezetsa chitini cha chakudya cha agalu, ng'ona ina yokhala kugombe n'kumeza chitinicho n'kukupatsa nthochi. Nthochi umapatsa nyani, anyani anzake n'kukumangira mlatho wopita kunyumba ya mfumu. Zimapitirira choncho, kamtengo, chisa cha uchi, chinanazi, duwa, kalata, tsache, mbedza, mpaka pa chinthu cha nambala 14, galasi lokulitsira zinthu. Aliyense amene anaonapo ogulitsa mbale ndi zidebe akusinthanitsa ndi chimanga nthawi yokolola amamva msanga momwe izi zimayendera: phindu la chinthu lili mwa amene akuchifuna. Wosewera angaganize kuti ndi zongocheza, koma galasi lija ndi lomwe limawerengetsa buku la zilembo zing'onozing'ono mu laibulale ya m'mudzi, ndipo m'bukumo ndi momwe mwalembedwa njira yodutsira mkati mwa dzira la Wind Fish.

Ngakhale khalidwe lako gemuyi imalisunga. Uta m'sitolo ya ku Mabe ndi marupee 980 (ndalama za mu gemumu), ndalama zambiri kwa wongoyamba. N'zotheka kuunyamula, kumuzungulira mwini sitolo mpaka ayang'ane kumbali, n'kuthawa nawo. Gemu imalola. Koma kuchokera pamenepo dzina lomwe unalemba poyamba limafufutika, anthu onse pachilumba, ngakhale Marin, n'kumakutchula kuti THIEF, kutanthauza wakuba, mpaka mapeto. Ukadzalowanso m'sitolomo mwini wake amakupha pomwepo. Gemu imawerenga kuti wafa kangati, ndipo amene wamaliza osafapo ngakhale kamodzi amaonetsedwa kachithunzi kowonjezera ka Marin pamapeto penipeni.

Amene sakufuna kudziwiratu mathero adumphe ndime ino. Usanalowe mphanga ya nambala 6 umapeza zolembedwa pakhoma la kachisi wakale, zonena kuti chilumba chonse cha Koholint ndi maloto a Wind Fish. Akadzuka, mudzi, nkhalango, Tarin, Marin, zonse zidzazimirira. Zilombo zomwe wakhala ukupha zimayamba kukuchenjeza pomwalira, ndipo umazindikira kuti zikulimbana nawe pofuna kuti dziko lawo lisathe. Kuchokera apo chida chilichonse chomwe wapeza movutikira chimakusendeza kufupi ndi kutaya anthu amene anakulandira. Pali malo ena pomwe Link ndi Marin amakhala pachipika m'mphepete mwa nyanja, mtsikanayo n'kumafotokoza kuti akanakhala mbalame ya kunyanja akanauluka kukaimbira anthu akutali. Ndi timadontho tochepa tobiriwira, koma ndinaiwala kudina batani kwa kanthawi. Kwa ine kulemera kwa gemuyi kuli pamenepa, ndipo kukanakhala kopepuka chikhala kuti njira yofikirapo inali yofewa.

Mu 1998 inatulukanso pa Game Boy Color ndi dzina loti Link's Awakening DX, ili ndi mitundu komanso mphanga ina yowonjezera yomwe ndagi zake zimadalira mitunduyo. Mu 2001 kampani ya Capcom inapangira Nintendo magemu awiri a mtundu womwewu, Oracle of Seasons ndi Oracle of Ages, ndipo yachiwiriyi ndi yomwe inatsamira kwambiri pa ndagi. Mu 2019 kampani ya Grezzo inamanganso Link's Awakening yonse pa Nintendo Switch, anthu ake akuoneka ngati tizidole topakidwa polishi. Mmenemo lupanga, chishango ndi zida zina zili ndi mabatani akeake, ndipo pamapu umatha kuikapo zizindikiro za malo oti udzabwerereko. Ndi yokoma kusewera, ndipo wongoyamba ndingamulangize imeneyo ngati angaipeze, ngakhale Switch ndi yodula kwa mabanja ambiri kuno. Kuyambira 2023 DX ija ikupezekanso pa Nintendo Switch Online, malo a pa intaneti omwe eni Switch amalipira kuti azisewerapo. Amene wapeza kaseti yakale adziwe kuti mkati mwake muli kabatire kosungira pomwe wafika, ndipo pakatha zaka zambiri kamatha mphamvu. Okonza mafoni ndi mawailesi angathe kukasintha ndi chowotcherera, koma zomwe zinasungidwa kale zimafufutika. Posunga gemu pa kaseti imeneyi umadina A, B, Start ndi Select nthawi imodzi, ndipo ambiri anataya ntchito ya tsiku lonse chifukwa chosadziwa zimenezi.

Mphwanga ndinamuuza za Pols Voice mosabisa. Ndinamulozera kakalulu, ndinamulozera mafupa, ndinamusonyeza mphika pakona. Sindinaone chifukwa choti atayirepo masiku ngati ine pa dzina lomwe gemu sinamuphunzitse. Bokosi litatuluka anadumpha n'kukuwa mpaka mayi ake anasuzumira pawindo.

Patatha milungu itatu anandiimbira pafoni ya mayi akewo.

"Ankolo, ndili pansanja ya chiwombankhanga. Chimpira chija ndachiponya kwinakwake, sindikuchionanso. Tangondiuzani njira."

"Iyo sindikuuza, mphwanga. Uli ndi kope la masamu lomwe latsala masamba?"

"Lilipo."

"Jambula nsanjika yachiwiri yonse, chipinda ndi chipinda, ulembe pomwe pali zipilala ndi maenje. Loweruka ubwere nalo, ndigula mabatire."